Nkhono ya pa chiliza cha abambo

Utale, Balaka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe, ndipo chakudya akungolawa pang'ono.

Chiliza cha abambo chatha, koma ine ndakwiya. Munthu anatha zaka zonse zija akutola nkhono ku nyanja ya Chiuta, kumazijambula pamanja kuti athandize ofufuza za likodzo, n'kumatikalipira ife ana: “Nsonga m'mwamba, kukamwa kuyang'ane kwa iwe! Ukatero, ya likodzo kukamwa kwake kumakhala kumanzere.” N'chifukwa chake ndinapatsa amisiri chojambula chawo chimodzi kuti achigobe pamwalapo. Loweruka titapita kukaona, tinapeza nkhono yazondoka, nsonga pansi, kukamwa kumanja. Kuwafunsa amisiriwo, akuti, “Iyayi achemwali, chonchi ndiye yakongola, ikuoneka ngati mtima.” Mtima! Ine ndi digiri yangayi ndinatsegula kalasi pamanda pomwepo, mpaka kuwalamula kuti agumule.

Nthawi yonseyi amayi ankangosisita mwalawo. Kenaka anati, “Isiyeni choncho. Bambo anu sankapirira nkhono yozondoka. Mwina adzuka adzaikonze okha.”

Sitinagumule.

Chonde tumizani kope la zojambula za abambo munatenga lija, kuti adzukulu adzaone mmene agogo awo ankaimikira nkhono. Muziwaimbiranso foni amayi. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi akumadzera kumandako, akuti kukaona ngati nkhono ija yatembenuka.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati