Mtambo Wake Uli Kuti

Lamulungu, 8 Seputembala 2024

Misuku. Kuzizira ngati si Seputembala. Tchalitchi, kenako nkhomaliro kwa apongozi, a Nakayange, monga Lamulungu lililonse. Nthochi zophika ndi nyemba. Ine kumbale, mwamuna wanga Enock kuwailesi.

Kunali alendo a kumpingo. Wina anafunsa kuti mkamwana wa ku Thyoloyu amagwira ntchito yanji. Apongozi anayankha m'Chichewa, dala, kuti ndimve bwino: "Amawerenga mitambo pa kompyuta. Nayenso ndi mtambo. Zaka zisanu ukungodutsa, mvula osagwa."

Anaseka onse. Enock maso m'mbale. Sanaseke, sanandiikire kumbuyo. Bola akanaseka, ndikanadziwa pomuika.

Ndatsuka mbale zonse. Ndimadana nawo mayi amenewa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ofesi. Netiweki yokwawa.

Akuti kuwerenga mitambo. Ntchito yanga sakuidziwa n'komwe. Setilaiti imadutsa pamwamba pathu masiku asanu aliwonse, cha m'ma teni m'mawa, n'kujambula dziko. Ine ndimatsitsa zithunzizo, ndimafufuza pamene anthu atentha m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Ino ndi nyengo ya visoso, kudula nthambi n'kuzitentha kuti adzafese mawere paphulusa. Pamene papsa pamaoneka pakuda. Ndikazunguliza ndi mzere wofiira, bwana wanga a Bizwell amatumizako alonda.

Chithunzi cha dzulo. Banga lakuda, ndendende pamunda wa khofi wa apongozi, kumtunda kumene umagundana ndi nkhalango. Mtima unadumpha. Kenako ndinaona chakum'mawa kwake kamtambo koyera, kooneka chimodzimodzi ndi bangalo. Mthunzi basi.

Phunziro loyamba kukoleji: ukaona banga lakuda, yamba wafunafuna mtambo wake. Mpweya wonyowa umachokera kunyanja, umakwera mapiri, umazizira, umasanduka mtambo. Dzuwa la m'mawa limaponya mthunzi wake chakumadzulo. Ndimazidziwa ngati dzina langa.

Ndakhala ndikuliyang'ana bangalo mpaka tiyi wazizira.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndadula chithunzi. Kamtambo kunja, banga mkati. Mzere wofiira. Sizinatenge mphindi ziwiri.

A Bizwell anafunsa ngati ndatsimikiza, poti kumeneko n'kwathu. Ndinati ntchito ilibe apongozi. Anandiyamikira pamaso pa anzanga.

Ndikungofuna alonda akaime pakhomo pawo ndi mayunifolomu, mpingo wawo uja uonerere. Akakapeza kuti palibe chapsa adzabwerera. Manyazi a tsiku limodzi. Ine anga ndawasenza zaka zisanu.

Masana ndadya bwinobwino.

Lolemba, 16 Seputembala

Chithunzi chatsopano. Kumwamba kuli mbee. Banga palibe, munda uli wobiriwira. Sindinaonetse munthu.

Alonda sanapitebe, galimoto ili kugaraja. Nthawi yobweza lipoti ilipo. M'mawa ndinatsala pang'ono kukagogoda kwa bwana.

Koma dzulo sindinapite kukadya, ndinati mutu. Enock anabwerako ndi nkhani. Akuti amayi akuti Loveness wa kwa Msukwa wamaliza maphunziro a unamwino, ndi mtsikana waulemu, kwawo amabereka. Anazinena akuvula nsapato, ngati akunena za mtengo wa sopo.

Lipoti likhale.

Lachisanu, 27 Seputembala

Alonda anapita dzana.

Phulusa sanalipeze. Anapeza mwala wa malire, wokwiririka m'udzu. Mizere khumi ndi iwiri ya khofi ili mkati mwa nkhalango. Anaidzala malemu bambo ake a Enock, kalekale. Aliyense ankadziwa, palibe ankanena. Koma pepala likalembedwa, anthu sabwerera chimanjamanja.

Zikwanje. Anadula mitengo ya khofi yoposa mazana atatu, yongodikira mvula yoyamba kuti ichite maluwa. Theka la munda.

Enock akuti amayi sanalire. Ankangotola nthambi n'kumaziunjika bwinobwino m'mbali mwa munda. Iye ndiye analira, pano pampando. Ndinamusisita msana.

Pano ndilembe zoona, palibe wowerenga. Nditamva, choyamba kunali kukoma. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo sanali ambiri.

Loweruka, 28 Seputembala

Apongozi abwera kunyumba kwanga. Koyamba chikwatiwire. Wapansi, mtunda wonsewo, mkoko wa nthochi pamutu.

Achepa thupi m'masiku atatu. Anakhala pamphasa, anakana mpando. Ananditchula "mwana wanga". Ine!

"Mwana wanga, iwe ukudziwa vya kumwamba. Ukawauze kuti ine sinatenthe. Mitengo yapita, koma dzina langa." Akuti kuchigayo azimayi amasiya kulankhula akalowa. Kumpingo awauza kuti ayambe apumula pa udindo wa chigwirizano cha amayi. Munthu amene wakhala akudzudzula otentha nkhalango zaka zonsezi.

Ndinawayankha mofatsa: "Amayi, chithunzi sichinama."

Ndinawathirira tiyi m'kapu ya alendo, shuga atatu. Anati ndagha, zikomo yakwawo, kawiri konse. Potsanzika anapempha kuti adzachione chithunzicho ndi maso awo. Ndinavomera. Aonapo chiyani munthu wosatha kuwerenga ngakhale nambala ya nyimbo?

Nthochi zake n'zokoma.

Lachitatu, 2 Okutobala

Utsi wa visoso wadzaza mlengalenga, zithunzi zonse zotuwa. Ntchito yochepa. A Bizwell akuti dzina langa alitchula kumsonkhano ku boma, ngati chitsanzo.

Ndawasindikizira apongozi chithunzi chodula chija papepala. Lamitundu, kuti aone kuti ndawalemekeza.

Loweruka, 5 Okutobala

Tinapita m'mawa, ine ndi Enock. Tinawapeza akuyanika ufa wa chinangwa pamikeka.

Anapukuta manja. Pepala analigwira chozondotsa, ndinadziletsa kuseka. Analitembenuza okha. Chala pa mtsinje. Chala pa denga la tchalitchi. Kutsata kanjira mpaka pamunda. Palibe anawathandiza.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ali chiyang'anire, dzuwa linazima pabwalo, kamphepo kozizira. Analoza kumwamba ndi chibwano.

"Uwo. Tsiku lililonse nthawi ino umachoka ku Mughese, umadutsa pamunda, umafika pano. Ine nimadikira upite kuti ufa uume. Zaka makumi anayi."

Kenako chala pa banga lakuda. Anati uwu si moto, moto susiya mizere ya khofi, koma apa mizere yawo ikuoneka pansi pa mdimawo. Zoona. Inkaoneka. Ine sindinaganizeko.

Chala chinayenda pang'onopang'ono chakum'mawa, mpaka pamene pepala lathera. Chinaima pamenepo.

"Mthunzi nauona, mkamwana. Mtambo wake wausiya kuti?"

Sanakweze mawu. "Mwana wanga" uja anali atatha. Anabwerera ku ufa wawo, kumautakasa ndi dzanja.

Enock anatola pepala. Sanayang'ane banga, anayang'ana m'mphepete modulidwamo. Amaphunzitsa za mapu kusekondale, sanafune womufotokozera.

Pobwerera iye patsogolo, ine pambuyo, phiri lonse. Anandifunsa chinthu chimodzi, ngati chithunzi chonse, chosadula, chilipo. Chilipo. Setilaiti siiwala, aliyense atha kuchitsitsa.

Titafika pageti anati: "Lolemba ndibwera ku ofesi kwanu, mudzandionetse."

Kwanu. Mudzandionetse. Zaka zisanu wakhala akunditchula iwe.