Matsukwa a Saquina

Lolemba, 3 Okutobala 1988

Anapiye oyera afika pa bwato kuchokera kutsidya kwa nyanja. Akuti amakula ngati akuthamangitsidwa. Ndi ndiwo za ukwati wa mwana wanga Adélia mwezi wa mawa. Mbuzi zonse zinapita ndi a mfuti, ndiye anapiyewa akafa alendo adzadya usipa. Koma lero mtima mbee.

Lachinayi, 6

Atatu akutsegula m'mimba, mapiko pansi. Mlamu wanga Saquina, amene anathawa nkhondo ku Maniamba n'kumagona m'khitchini mwathu, wawapatsa matsukwa, madzi osasa aja ovikamo mphale. Akuti kwawo amakonza nawo mimba za nkhuku. Ine ndaseka. Ife a kunyanja chimanga tichidziwira kuti?

Lamulungu, 9

Adzuka atatu aja! Akudya madeya ndi fumbi la usipa mopanda ulemu. Kutchalitchi ndaimba mpaka mawu kusasa.

Lachitatu, 12

Amuna anga a Basílio, katswiri wa zonse. Aona matsukwa atha, atunga madzi mumtsuko wovikamo chinangwa chowawa n'kupatsa anapiye. Ati chosasa ndi chosasa basi. Anayi afa ndisanabwere kuchokera kudambo. Ndakwiya zedi. Iwo angotenga ukonde wosang'ambika n'kuyamba kuusoka.

Lachisanu, 14

Otsala akufookanso. Mudzi wonse ndayenda, mphale palibe. Msewu wa kumtunda, kumene kuli chimanga, ndani angaponde?

Usiku wathawu kunamveka mfuti kuphiri, kutali. Adélia akuyesa diresi, wanenepa m'chiuno, tikulitsa.

Loweruka, 15

Ndadzuka ndi kugunda kwa mtondo. Saquina akukonola, ndipo pansi pali kansalu kake kofiira, kopanda kanthu. Ndi kamene anamangamo mbewu ya chimanga pothawa, kaja amagonera ngati pilo, koti akadzale akadzabwerera kwawo. Ngakhale pa njala ya mu Febuluwale sanakamasule.

Ndinamugwira munsi. Anandichotsa dzanja.

"Mlamu, siyani. Munda wanga wamera mitengo. Mwanayu akukwatiwa chaka chino."

Ndinatenga lichero n'kuyamba kumupetera.

Lachiwiri, 18

Matsukwa asasa bwino. Anapiye akulimbirana mbale, mimba zadzaza.

Masana a Basílio anabwera ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa yodzala, n'kuutula pakhomo la khitchini. Ati mizere ya kumunsi kwa mango ndi ya Saquina. Saquina anatola mtengo umodzi, kuutembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa mbali imene imalowa pansi.