Khosi la gitala limene sindinasankhe

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine kuno ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndakunamizani. Dzanja langa lamanzere lili m'bandeji. Mukaona zilembo zokhotakhota musati ndi dzanjalo, poti ndimalembera lamanja. Ndi ukali.

Ndamva kuti achimwene anaimbira mayi foni n'kuwauza kuti ndachoka m'bandi yawo chifukwa cha mwano. Ndiye khalani pansi mumve zanga.

Nyimbo zimene tikuimba masiku ano zimafuna mawu okhuthala, otsika kwambiri, amene gitala wamba ya nsambo zisanu ndi imodzi siiwafikira. Ndinaganiza zopangitsa ya nsambo zisanu ndi zitatu, ndi thukuta langa la ku saluni kumene ndimaluka tsitsi. Kuseri kwa malo omatira matayala kuli bambo wachikulire wopanga magitala, timangowatchula kuti Amisiri. Kachipinda kawo kamanunkha guluu ndi utuchi, fungo lomwe lija la m'shedi ya malemu bambo.

Funso lawo loyamba silinali la mtundu wa penti ayi. Anandifunsa utali wa nsambo, kuyambira kumutu kwa gitala mpaka pamene zimamangidwira pamimba pake. Anati ukatalikitsa, nsambo zazikulu zimakungika bwino ndipo mawu amatuluka oyera, koma tizitsulo topingasa ta pakhosi, timene timati mafureti, timatalikirana, zala n'kumatambasuka kwambiri. Ukafupikitsa zala zimapuma, koma nsambo yaikulu imalendewera.

Ndinapitako Loweruka katatu kukayesa magitala a utali wosiyanasiyana. Pa mainchesi 25 ndi theka nsambo yaikulu inkagwedezeka ngati chingwe choyanikira zovala, mawu ake ngati munthu akulankhulira m'bulangete. Pa mainchesi 28 inkalira mokoma zedi, sindikana, koma chala changa chaching'ono chopindika chija sichinkafika pamene chiyenera kufika popanda kupotoza dzanja lonse. Tinagwirizana za 26 ndi theka, n'kuikapo nsambo yonenepako kumunsi kuti ikungike. Amisiri anayeza chikhatho changa ndi tepi, n'kulemba nambalayo pakhoma ndi pensulo. Ndinatuluka m'menemo ndikumwetulira ndekha pamsewu ngati wamisala.

Lolemba lake achimwene anapita kwa Amisiri ine osadziwa. Anakawauza kuti ndasintha maganizo, ndawatuma, apange ya 28. Amisiri anakhulupirira, poti wanena ndi mlongo wanga wamkulu, mwini bandi. Anafufuta nambala yanga pakhoma paja.

Patatha miyezi iwiri ndinakaitenga. Ndi yokongola, Achemwali, yakuda bii, yonyezimira. Koma nditangoigwira dzanja linandiuza kuti pali cholakwika. Ndinapempha tepi n'kuyeza ndekha. Amisiri atamva kuti sindinatume munthu anangokhala pampando, kukamwa yasa. Anati mafureti ukangowadulira malo sasunthikanso. Madzi akatayika saoleka.

Ndinapita molunjika kuchipinda chimene timayesererako nyimbo. Ndinawapeza achimwene akukulunga mawaya. Sanakane ngakhale pang'ono. Anati inchesi ndi theka si kanthu, chala chimazolowera, ndipo kamvekedwe ka bandi amalamula ndi iwo. Kenaka, pamaso pa woimba ng'oma ndi wa kiyibodi, anati, "Vuto lanu akazi mumafuna zofewa zokhazokha."

Ndinawaonetsa chala n'kuwafunsa kuti, "Ichi anachipana pachitseko ndani?"

Inu mukudziwa, munalipo. Ndi iwo anamenyetsa chitseko cha shedi tsiku lija, ndi iwonso anandibereka mpaka kuchipatala akulira kuposa ine. Ndi iwo anandiphunzitsa gitala poti adokotala anati chalacho chizigwira ntchito. Palibe munthu padziko pano amene akudziwa kupindika kwake kuposa iwo. Anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti zakale zisabwere pantchito. Woimba ng'oma, amene anali atayamba kuseka, anatola timitengo take n'kutuluka panja.

Apa ndivomere kupusa kwanga. Ndinaiimba gitalayo masabata atatu, pofuna kuwaonetsa kuti sindifuna zofewa. Masana kuluka tsitsi, madzulo kutambasula zala ngati ndikuyeza nsalu. Dzanja linayamba kutentha polumikizira, kenaka kutupa. Lachinayi lina ndili ku saluni chipeso chinangogwa chokha, zala zikukana kufumbata, kasitomala mutu uli theka. Kuchipatala anati ndavulaza mitsempha, ndipume masabata asanu ndi limodzi, osaimba, osaluka. Anati ndikachita makani chikhoza kukhala chilema cha moyo wonse.

Mukuganiza achimwene anabwera kudzaona dzanjalo? Tinkagona nyumba imodzi, koma ankangofunsa akazi awo kuti wodwala uja wadya. Sabata yomweyo ndinadutsa kuchipinda choyeserera kukatenga thumba langa. Ndili pamakwerero ndinamva gitala yanga ikulira. Kulowa, ndinapeza mwamuna wina wamtali, zala ngati mafoloko, waikoleka pakhosi, achimwene akugwedeza mutu kuti eya, ndi mawu amenewa ndinkafunawa. Wa kiyibodi anandinong'oneza kuti mkuluyo anayamba kubwerabwera gitala isanathe n'kupangidwa komwe.

Pamenepo ndi pamene ndinachita chimene akuchitcha mwanocho. Ndinazula waya ku ampu yokuzira mawu nyimbo ili pakati, n'kumuvula munthuyo lamba wa gitalayo ndi dzanja limodzi. Iye sanalimbane nane, anapepesa, anati anauzidwa kuti gitalayo ndi ya bandi. Achimwene anakuwa kuti ndikatuluka nayo ndisabwererenso. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ndinatsekuladi. Tsopano ndikukhala kwa mnzanga wa ku saluni. Kachipinda n'kakang'ono, gitala imagona pansi pa bedi, koma palibe amene amandisankhira zoti ndimve kuwawa.

Amisiri anandilondola okha mpaka ku saluni, chipewa m'manja, bambo wamkulu ngati uja kupepesa kwa ine pamaso pa azimayi ali m'madiraya oumitsira tsitsi. Anati cholakwa ndi chawo posandifunsa mwini dzanja. Khosi la gitalayi ndi lomanga ndi mabawuti, ndiye akhoza kulichotsa n'kusema lina la muyeso wanga. Chovuta ndi thabwa. Likufunika lolimba, lowongoka, louma kwa zaka zambiri, apo ayi limapindika nsambo zisanu ndi zitatu zikalikoka. Limene anali nalo ndi lomwe linapita pa khosi lolakwikali.

Pempho langa ndi limodzi. Pamwamba pa mitanda ya m'shedi pali thabwa lofiirira limene bambo ankasungira tebulo imene sanaipange. Mukawapemphe mayi m'malo mwanga. Muwawerengere kalata yonseyi, osadumpha pena poopa kuwakhumudwitsa. Akalola, alamu alikulunge m'masaka n'kulipatsira woyendetsa lole amene amabwera kuno kumapeto a mwezi. Akakana ndimva, thabwalo ndi la amuna awo. Koma ayankhe okha mayi, nkhaniyi isadzere kwa achimwene, chifukwa anena kuti mwana wamwamuna ndi iwo ndipo za m'shedi ndi zawo.

Musadandaule za kudya, mnzangayu akundisunga bwino, ndipo abwana a saluni andiika polandira makasitomala mpaka dzanja litachira. Woimba ng'oma uja anabwera dzana kudzandizonda. Akuti iye ndi wa kiyibodi akufuna tikambirane bandeji ikachoka.

Mupereke moni kwa mayi, muwauze asamanyamule ndowa ndi bondo limenelo. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana nonse. Wamkulu uja alimbikire sukulu.

Achimwene akaimbanso foni, musakangane nawo, ndi ntchito yanga imeneyo. Mungowauza kuti kumene ndikukhala akukudziwa, ndi nyumba yachitatu kuchokera pa saluni. Sindikufuna gitala ina kwa iwo, kapena malo anga m'bandi. Abwere, akhale pansi, aone dzanjali ndi maso awo, anene kuti pepa. Ndi mawu afupi kwambiri, mwana wa zaka ziwiri amawatha.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa mayi