Bango la Eliness

Lolemba, 3 Juni 2024
Njinga yanga yathyokanso foloko. Wapansi kuchokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ana a sitandade 6 akundiseka m'njira. Masana ndinagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Kudzidzimuka, mkazi wanga Eliness wagwada pambali, akuyeza mwendo wanga ndi bango. Akuti amathamangitsa nkhuku. Nkhuku zake ziti?

Lachitatu, 5 Juni
Bango lili kuseri kwa chitseko, lolembedwa ndi khala katatu. Ndadziyeza ndekha: mwendo, mkono, msinkhu. Ndine ndithu. Kwathu kuno woyezedwa ndi bango ndi mmodzi yekha, amene adzukulu akukamukumbira manda. Ndiwo za lero ndapatsako galu kaye. Sanafe, koma galu si munthu.

Loweruka, 8 Juni
Ndamulondola Eliness mpaka pa Namitete. Bango m'manja, wakhotera kumzere kuja kuli akalipentala a mabokosi a maliro. Ndinabwerera. Madzulo ali pafoni kuseri kwa nkhokwe ndi mlongo wake Trust wa ku Joni. Ndinamva liwu limodzi lokha: "Asadziwe." Zaka 19 m'banja, eti.

Lamulungu, 9 Juni
Potuluka m'tchalitchi ndaitana ankhoswe. Ndanena pamaso pawo kuti mkaziyu akundikonzera imfa. Eliness anangondiyang'ana. Wamanga katundu, wapita kwawo ku Nsaru.

Lachisanu, 21 Juni
Minibasi yatsitsa chikatoni cha dzina langa. Njinga ya mpikisano, mahandulo opindika, matayala ochepa ngati chala. Trust pafoni: "Alamu, yakwana? Izi si zongokwerapo ngati za kabaza, ikakula imapha msana. Achemwali anakayezetsa bango kwa telala n'kunditumizira manambala."
Telalayo ali pakati pa akalipentala aja. Ndimamudziwa bwino, ndiye anandisokera suti.
Ndakwera. Pedulo ikatsika bondo likupindika pang'ono chabe, manja akufika osadzikoka. Yandikwana. Manyazi andigwira, sindinadye.

Loweruka, 22 Juni
Ku Nsaru. Matayalawa sagwirizana ndi mchenga, ndagwa kawiri. Apongozi sanandiyalire mkeka. Eliness anatuluka, anayang'ana njinga, kenako miyendo yanga, nkhope ayi. "Chishalo chakwera pang'ono. Mutsitse, mungapweteke bondo." Analowa n'kutseka chitseko.
Ndatsitsa. Ndikadali pakhonde, dzuwa likupendeka, ndikudikira kuti atsegule.