Pa Imfa ya Mayi Tabita Kamtedza, Amene Anakana Kuchiritsa Agnesi

Kwa Bambo Solomoni Kamtedza, ana awo Madalo ndi Nowa, achibale onse a ku Bowe, ndi onse okonda kuwerenga,

Ife a Bungwe la Alembi ndi Awerengi a m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi tinalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mlembi wathu, Mayi Tabita Kamtedza, amene anatisiya Lachiwiri m'mawa atadwala masiku asanu okha. Ngakhale tinawaperekeza kumanda ndi miyendo yathu, mitima yathu ikukanabe kuvomereza kuti pa mikumano yathu ya Loweruka sitidzamvanso kuseka kwawo kuja, kumene kunkafika m'chipinda eni ake asanalowe.

Malemuwa anaphunzitsa ana kusukulu za pulaimale kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo m'chaka cha 2012 anayambitsa bungwe lino ndi anthu asanu ndi awiri kuseri kwa sitolo yanga pa Mponela. Analemba mabuku anayi a nkhani zachikondi zoseketsa, amene tinkachulukitsa tokha pa makina ndi kuwasoka ndi ulusi, ndipo ankayenda m'manja mwa anthu kuchokera ku Bowe kukafika ku Ntchisi mpaka zikuto kuthothoka. M'mabuku amenewa munali mayi wamasiye wogulitsa tomato amene amuna awiri ankamulimbirana, munali mlimi wa fodya wachibwibwi amene anatenga nyengo yonse ya dzinja kuti amalize kufunsira mbeta, munalinso mnyamata wachialubino wotsogolera kwaya. Anthu akuno anadziona m'buku koyamba, ndipo anadziseka okha mosachita manyazi.

Mwambo wa uthenga ngati uwu ndi kuyamikira ndi kupepesa basi. Mutikhululukire, achibale, pakuti pali nkhani imene tikaimeza itidwalitsa.

Buku lachisanu la malemuwa, Mkamwini wa pa Golosale, analilemba pamanja m'makope a sukulu. Limanena za Jamal, Msilamu wogulitsa mugolosale pa Mponela, amene akonda Agnesi, telala wa ku Bowe wa zaka makumi anayi, mayi wa Chigwirizano kutchalitchi, woyendera ndodo kuyambira pamene poliyo inamugwira ali mwana. Jamal alowa chikamwini. Manja ozolowera sikelo akumana ndi khasu la apongozi, ndipo pothawa apongozi aakazi panjira, munthu wamkulu adziponya m'chitedze chimodzimodzi katatu. Amene tinamva malemuwa akuwerenga mutu umenewu tinachoka nthiti zikupweteka.

Kampani ina yosindikiza mabuku mumzinda, imene dzina lake sitiipitsa nalo kalata ino, inawaitana. Mayi Kamtedza anakwera minibasi pa Boma la Dowa, makope ali m'chikwama, ndipo anapeza mabwana atatu atakhala kuseri kwa tebulo lalikulu. Mabwanawo anati bukulo ndi labwino ndithu, kungoti likufunika kukonza pang'ono. Jamal asiye golosale ndi mzikiti, akhale wa kubanki. Za chikamwini zichoke chifukwa ndi zakumudzi, zimanyazitsa amuna. Nkhani yonse isamukire mumzinda, kumene anthu amakondana m'magalimoto. Ndipo Agnesi achire m'mutu womaliza, ataye ndodo ukwati usanachitike, poti owerenga sangagule buku la mkwatibwi wotsimphina. Zonsezi ankazinena anthu ophunzira, ovala mataye, kwa mayi amene ndodo yake inali itatsamira pa tebulo lawo lomwelo.

Malemuwa sanakangane nawo. Anangofunsa kuti, "Kodi mabwana, inenso ndichire kaye ndisanatuluke muofesi muno?" Anatola makope awo n'kubwerera kwawo, ndipo potiuza nkhaniyi anangoti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Papita zaka zinayi, mphepo yatembenuka. Lero mumzinda aliyense akufuna mabuku oonetsa anthu osiyanasiyana, olumala, Asilamu, akumudzi, ndipo mabwana aja agwidwa ndi chikondi chadzidzidzi pa anthu amene ankafuna kuwafufuta. Anabwera kumaliro ndi nkhata yaikulu ngati gudumu la ngolo, napempha kulankhula eni maliro asanalankhule, ndipo mmodzi anatchula malemuwa kuti mayi wa alembi onse, akupukuta maso ouma ndi kansalu koyera. Tinachita manyazi ife m'malo mwawo, popeza iwo analibe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma anzathuwa ankaganiza kuti kumapiri kuno anthu amaiwala msanga.

Anthu asanasambe n'komwe m'manja pochokera kumanda, bwana wamkulu anakokera pambali Bambo Solomoni n'kuwapempha makope aja. Analonjeza kuika chithunzi cha malemuwa pachikuto, ndodo ikuoneka bwinobwino, ndipo anati mutu womaliza wokha ndiwo adzaukonze pang'ono. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti katundu wa womwalira sakhudzidwa abale asanakhale pansi, ndiponso kuti wopereka katunduyo si mwamuna wodzakwatira pamudzi. Koma anthu amene ankafuna kuchotsa chikamwini m'buku akanazidziwira kuti?

Bambo Solomoni, amene maso awo anali otupa ndi kulira, anayankha mwaulemu. "Ine pano ndine mkamwini, bwana. Mukanawerenga bukulo osalidula, mukanadziwa woti mumufunse."

Anawalozera kwa mwini mbumba, Bambo Reinford, mlongo wa malemuwa. Bwana uja anayambiranso malonjezo ake, tsopano atagwada pang'ono. Bambo Reinford anamvetsera mpaka mawu anatha, kenako anafunsa ngati Agnesi achirebe kumapeto. Atamva kuti inde, chifukwa owerenga amakonda mathero osangalatsa, anati, "Mlongo wangayu sanachire, ndipo anakwatiwa. Ndinavina ndine tsiku limenelo mpaka nsapato inang'ambika. Kodi amenewo sanali mathero osangalatsa?" Galimoto ya mabwanawo inanyamuka chakudya chisanafike.

Dzulo banja linatitumizira mawu kuti abale akadzakhala pansi, makopewo adzaperekedwa m'manja mwa bungwe lino. Tikulonjeza pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu, amene Akhristu ndi Asilamu a m'bungwe lino timamupembedza aliyense m'njira yake, kuti bukuli lidzatuluka monga analisiyira mwini wake, osachotsapo ngakhale chilembo chimodzi. Mabwana aja akalifuna, adzalipeza pa Mponela, adzakhale pamzere ngati wina aliyense.

M'malo mwa mamembala onse, kuchokera ku Bowe, Mponela, Boma la Dowa ndi midzi ya ku Ntchisi, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu ana, Madalo ndi Nowa, ndi kwa mbumba yonse. Kwa inu Bambo Solomoni, amene munayenda pambali pa mayiwa zaka makumi atatu ndi chimodzi osawauza kuti afulumire, tilibe mawu okwanira. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, ndipo mzimu wa Mayi Tabita Kamtedza uuse mumtendere.

Ine wanu pa chisoni chino,

Zaituni Mahamadi
Wapampando