Nkhandwe za mphere ku Thamesmead

Lolemba, 4 Ogasiti 2025
Ndamaliza kuona zithunzi za m'makamera khumi amene ndinatchera ku Thamesmead, dera la m'tauni kuno kunja komwe ndikuphunzira. Nkhandwe 50, za mphere 20. Ndiye kuti 40 pa 100 iliyonse. Zochepazi ndizo ziimire nkhandwe za dera lonse, poti palibe angaziwerenge zonse. A Dr Bruce, oyang'anira kafukufuku wanga kuyunivesite, akondwa. Akuti nambala yokwera chonchi sanaionepo. Pepala lonse likufunika pa 22.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Mabasi awiri, kukasintha mabatire. Kamera nambala 7 ili kuseri kwa nyumba ya anti Petronella, a ku Chipata, timapemphera limodzi. Akuti komiti ya anthu okhala m'nyumba za kumeneko yamva za 40 uja. Ndinaulula ndine, kamwa langali. Tsopano akufuna kuitana anthu odzawombera nkhandwe, zisapatsire agalu awo mphere. Msonkhano wake pa 15.

Loweruka, 9 Ogasiti
Anti pothira tiyi: "Uja wa khutu long'ambika ni wanga, nimamupasa mazira. Amayenda konse, mpaka kumbuyo kwa sukulu."
Kuseri kwa sukulu kuli kamera nambala 3. Tiyi sanamweke.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Kutchalitchi sindinapite. Chithunzi ndi chithunzi, kuyang'ana makutu ndi michira. Ya khutu ija ndinaiwerenga kasanu ndi kamodzi. Ina yothothoka mchira, katatu. Zonse ziwiri ndi za mphere. Zatsala 43, zodwala 13. Pa 100, 30 basi.
China choipa kuposa apa. Makamera ambiri ndinaika kwa anthu odyetsa nkhandwe, poti ndi amene anandilola. Yodwala ndiyo imathamangira chakudya cha pakhomo. Ngakhale 30 yemweyu mwina wakwera.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Palibe akudziwa. Nditati ndingokhala chete, ndani angatsegule zithunzi 4,000? A Dr Bruce alembera kale anzawo za 40, dzina langa lili pomwepo. Mayi anaimba kuchokera ku Zomba, kufunsa tsiku lovala gauni. Ndinangoti posachedwa.
Imelo ya kwa a Dr Bruce ndalemba, ndafufuta. Katatu. Mutu waukulu.

Lachinayi, 14 Ogasiti
Ndatumiza m'mawa, ndanena zonse. Yankho mzere umodzi: "Ubwere Lolemba ndi zithunzi zonse." Popanda ndi moni yemwe. Kaya andiwonjezera masiku, kaya chaka chonse chapita m'madzi. Ndalephera kudya.

Lachisanu, 15 Ogasiti
Ndili m'basi, kupita kumsonkhano. Komiti sinandiitane. M'chikwama muli zithunzi zisanu ndi chimodzi za nkhandwe imodzi. Ndikaimirire pamaso pa anthu osandidziwa, ndikanene kuti nambala akuidalirayo ndi yolakwika, ndipo wolakwitsa ndine. Akandifunsa yoona yake, ndikati sindikudziwa.
Anti atumiza uthenga. Holo yadzaza, mkulu wa komiti wayamba kale kulankhula, watchula dzina langa. Nditsika pa siteji ikubwerayi