Njinga Ziwiri pa Chipilala cha Asilikali

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha kamng'ono kaja chinatha? Ife kuno tili bwino, kungoti chishalo chandikhaulitsa, ndipo mtima wanga sukukhala m'malo.

Ulendo wa panjinga munaukana uja tauyamba. Musakwiye. Bambo anapaka okha girisi njinga zonse ziwiri, kumata machubu, n'kunena kuti akufuna aonenso malo amene anamenyerako nkhondo miyendo ikadali yawo. Inu mukanawakaniza? Nanga si mukuwadziwa abambo anu.

Pa msewu ndi munthu wina, Achemwali. Munthu amene kunyumba amaika makiyi mu ketulo uja akundisiya pa chitunda, ine lilime lili panja. Akafika pamwamba akumandiseka kuti mimba ya mu ofesiyi ndi imene ikundikoka.

Tinayambira ku linga lakale lija. Anandionetsa ngalande zimene ankabisalamo, pano mwamera udzu. Mzinga wadzimbiri uli pageti anaupukuta ndi kansanza ka tcheni mpaka mlonda anawadandaulira kuti amulanda ntchito. Tonse tinaseka.

Dzulo tinafika pa chipilala cha asilikali. Tinatsamiritsa njinga ku mpanda, Bambo anavula chipewa n'kuima njo. Ndinawasiya kanthawi. Dzuwa litayamba kuswa ndinawagwira phewa kuti tizipita.

Anatembenuka n'kundiyang'ana mwaulemu, ngati mlendo. Anandifunsa kuti ndine wa gulu liti, komanso ngati ndaonako mnzawo wina wamtali amene anatsalira ku mlatho. Ndinawauza kuti ndine mwana wawo. Anamwetulira n'kunena kuti mwana wawo wamwamuna ndi wamng'ono, sanayambe n'kupalasa komwe.

Achemwali, ndinangowerama pa njinga yanga. Ndinachita ngati ndikukonza buleki kuti asaone misozi.

Pobwerera ku nyumba ya alendo anandiuza kuti ndidutse cha m'mbali, iwo apalase kumbali ya magalimoto, monga ankachitira potiphunzitsa. Kaya ankateteza mwana wawo kaya msilikali mnzawo, sindikudziwa. Pofika anali atandikumbukira, koma m'mawa uno andiiwalanso, akunditcha bwana.

Ndikulemba chiimirire, diso lili pawindo, kuopa angakwere njinga n'kulowera kwina. Ndikakhala pansi ndikudzukanso. Tayala ndalipopa kawiri, chonsecho silinaphwe.

Ndikudziwa zimene munene. Mutumiza alamu ndi galimoto adzawatenge, njinga muitsekere m'chipinda. Mwina mukhala mukulondola. Koma musatume munthu ayi. Bwerani nokha.

Pajatu muli mwana ankakutchani Kabelu, chifukwa simunkalola belu la njinga yawo kupuma. Pa chipilala paja, atandiiwala ine, analiza belu n'kundifunsa ngati ndikumudziwa Kabelu wawo. Akuti akamaliza ulendowu akamunyamula pa kaliyala.

Nsanje ndinachita, sindinama. Koma inu akadali nanu m'mutu, ndipo sindikudziwa kuti mukhalamo mpaka liti. Ntchito idzakudikirani. Kwerani basi ya Loweruka, mudzatipeza pa nyumba ya alendo yoyang'anana ndi manda a asilikali. Ine ndiziwazungulitsa m'misewu ya pafupi mpaka mufike.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni pa njira. Mukamatsika musadzafunse ngati akukudziwani, mudzangoliza belu.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa Bambo